Kodi zida zodula za umakaniko n'zoyeneradi ndalama zimene timalipira?

Wophunzira_Umakaniko analemba kuti:

Moni kwa akuluakulu nonse amene mwakhalitsa pa ntchito yokonza magalimoto. Ine ndatsala pang'ono kumaliza maphunziro a umakaniko, ndipo amene akundiphunzitsa andiuza kuti nthawi yakwana yoti ndiyambe kusonkhanitsa zida zangazanga, popeza sindingakhale ndikubwereka sipanala kwa anzanga mpaka kalekale. Nditayamba kufufuza, ndapeza kuti mitengo ya zida imasiyana kwambiri moti ndasokonezeka maganizo. Pali mabokosi athunthu okhala ndi masoketi, masipanala, masikurudiraiva ndi mapulayazi amene mtengo wake ndi wotsika kuposa mtengo wa ratchet (chogwirira masoketi chokhala ndi mano mkati) imodzi yokha ya makampani otchuka monga Snap-on kapena Stahlwille. Kuziona ndi maso, zonsezi zimanyezimira mofanana, ndipo pa zambiri mwa izo palembedwa mawu omwewo oti chrome vanadium.

Ndiye funso langa ndi lakuti, munthu akalipira ndalama zochuluka chonchi, amakhala akugula chiyani kwenikweni? Kodi ndi chitsulo chosiyanadi, kapena ndi dzina la kampani chabe? Ndalama zimene ndasunga n'zochepa, choncho ndikufuna kudziwa ngati ndi nzeru kugula bokosi lotchipa lathunthu kuti ndikhale ndi chilichonse tsiku loyamba, kapena kugula zida zochepa zabwino n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Chonde ndithandizeni ndi zimene inuyo mwaona pa ntchito.

MakanikoWakale anayankha kuti:

Mwana wanga, funso lanu ndi labwino, ndipo ndikuyamikira kuti mwafunsa musanagule. Ndiyambe ndi mawu a chrome vanadium aja. Mawuwo amangotchula mtundu wa chitsulo, kutanthauza kuti muchitsulomo anasakanizamo chromium ndi vanadium, koma sanena chilichonse za mmene chidacho anachipangira. Sipanala yabwino amaisula chitsulo chili chotentha, poipanikiza mwamphamvu m'chikombole, kenaka amaitenthanso ndi kuiziziritsa mwadongosolo kuti ilimbe koma isakhale yophwanyika ngati galasi. Pamenepa ndi pamene pagona kusiyana kwakukulu, ndipo ndi pamene diso silingaone. Chitsulo chikasiyidwa chofewa, kukamwa kwa sipanala kumatanuka mukakoka mwamphamvu, ndipo kuyambira tsiku limenelo sipanalayo imakhala yaikulu pang'ono kuposa nambala yolembedwapo. Chikalimbitsidwa mopyola muyeso, chimathyoka mwadzidzidzi popanda kuchenjeza, dzanja lanu n'kukamenyetseka pa injini.

Chachiwiri chimene mumalipirira ndi muyeso. Sipanala ya mamilimita 13 iyenera kukhala yokulirapo pang'ono kwambiri kuposa mutu wa bawuti kuti ilowe, koma ikakula mopitirira, mphamvu yanu yonse imathera pa makona a bawutiyo m'malo mwa m'mbali mwake. Makona akadyeka, mutu umabulungira, ndipo ntchito ya mphindi zochepa imasanduka ya tsiku lonse. Zimenezi zinandichitikira ndili mnyamata. Ndinkamasula nati ya paipi ya mabuleki ndi sipanala yotchipa yotsegula kukamwa, natiyo inali ndi dzimbiri, sipanala inaterereka kawiri, ndipo kachitatu panalibenso poti chida chilichonse n'kugwira. Ndinachita kudula paipi n'kupanga ina, galimoto inagona m'galaja, mwini wake anakhumudwa, ndipo sanabwererenso kwa ife. Mtengo wa sipanala yabwino yopangidwira manati a mapaipi, ija imagwira nati pafupifupi mbali zonse n'kungosiya mpata wolowetsera paipi, unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene tinataya tsiku limenelo. Choncho ine ndikamayeza mtengo wa chida, ndimawerengeranso mtengo wa chimene chidacho chingawononge chikalephera.

Makampani akuluakulu anataya nthawi yaitali pa nkhani ya makonayi. Snap-on, imene inayamba mu 1920 ku Milwaukee m'dziko la America ndi maganizo oti zogwirira zochepa zizigwiritsidwa ntchito ndi masoketi ambiri osinthanasinthana, inadzapanga masoketi otchedwa Flank Drive, amene mkati mwake anawaumba mwanjira yoti azikankha m'mbali mwa mutu wa bawuti n'kusiya makona. Masiku ano makampani ambiri ali ndi kapangidwe kofanana nako pansi pa mayina awoawo, ndipo n'chinthu choyenera kuyang'ana mukamagula. Tengani soketi muisuzumire mkati. Mukaona kuti makona ake amkati ndi okumbidwa mozungulira pang'ono, dziwani kuti opangawo anaganizira za bawuti yanu. Komanso masoketi anu oyamba akhale a makona 6. A makona 12 amalowa mosavuta pamalo opanikizika, ndipo alipo mabawuti ena amene amafuna iwowo, koma pa bawuti yadzimbiri a makona 6 ndiwo amagwira modalirika.

Pa ratchet, yang'anani chiwerengero cha mano. Ya mano 36 imafuna kuti mugwedeze chogwirira madigiri 10 kuti igwire dzino lotsatira, pamene ya mano 72 imafuna madigiri 5 okha. Pa magalimoto amakono, pomwe injini imadzaza malo onse ndipo dzanja limalowa movutikira, kusiyana kumeneku kumatanthauza kumasula bawuti ili pomwepo kapena kuyamba mwachotsa zinthu zina zitatu kuti mupeze mpata. Kupanga mano ang'onoang'ono amene sakudyeka msanga ndi ntchito yovuta, n'chifukwa chake ratchet yabwino imadula. Ubwino wina ndi woti ya kampani yodalirika imakhala ndi zipangizo zamkati zogulitsidwa padera, moti mano akatha mumangosintha zamkatizo osataya chida chonse.

Langizo langa ndi loti ndalama zanu zipite choyamba ku zida zimene mudzagwira tsiku lililonse: masipanala a mbali ziwiri kuyambira mamilimita 8 mpaka 19, masoketi a makona 6, ratchet imodzi yabwino ya 3/8 ya inchi (kukula kwa polowetsa soketi), masikurudiraiva ndi pulayazi yolimba. Zina zonse zikhoza kudikira.

MayiWaGalaja anayankha kuti:

Bambo MakanikoWakale afotokoza bwino za chitsulo ndi muyeso, ndipo sindikutsutsana nawo pamenepo. Koma ndikufuna kuti achimwene athuwa amvenso mbali ina, chifukwa ine ndimayang'anira galaja ndipo ndaona anyamata ndi atsikana ambiri akuyamba ntchito imeneyi. Pakati pa chida chotchipitsitsa ndi chida chodulitsitsa pali zida zambiri zapakatikati, ndipo kusiyana kwa ubwino sikuyenda limodzi ndi kusiyana kwa mtengo. Kuchoka pa chida chachabechabe kufika pa chapakatikati, ubwino umakwera kwambiri. Kuchoka pa chapakatikati kufika pa chapamwamba, mtengo umakwera kangapo koma ubwino umangowonjezereka pang'ono, ndipo amene amaumva ndi munthu wogwira chidacho maola ambiri tsiku ndi tsiku. Mafakitale ambiri a ku Taiwan, mwachitsanzo, amapanga masoketi ndi ma ratchet abwino ndithu, ndipo zina mwa zida zogulitsidwa pansi pa mayina otchuka zimachokera komweko.

Gawo lina la mtengo wa zida zapamwamba silili m'chitsulo ayi, lili m'kagulitsidwe. Snap-on imadziwika ndi kugulitsa kudzera mwa amalonda oyenda pa magalimoto odzaza ndi zida, amene amafika pagalaja nthawi ndi nthawi, kusinthira makaniko chida chothyoka pomwepo ndi kumulola kulipira pang'onopang'ono. Kwa makaniko amene wamalondayo amamufikira mlungu uliwonse, zimenezi n'zothandizadi, chifukwa ntchito siima. Koma ngati kumene mukagwire ntchito kulibe wokusinthirani chida, ndiye kuti mwalipirira thandizo limene simudzalilandira. Galanti ya moyo wonse imene amalengeza imakhala ndi phindu pokhapokha ngati pali munthu woti mum'patse chida chothyokacho. Ndipo galantiyo nthawi zambiri siigwira ntchito ngati zikuoneka kuti munaika paipi pa chogwirira kuti muwonjezere mphamvu, kapena munamenya sipanala ndi hamala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ngongole. Ndinali ndi mnyamata wina waluso kwambiri amene anatengeka ndi bokosi lalikulu la zida ndipo anadzimangirira ku malipiro a mwezi ndi mwezi asanayambe n'komwe kulandira malipiro okwanira. Zida zake zinali zabwino kuposa za aliyense m'galajamo, koma theka la izo sanazikhudze chaka chonse, ndipo mtima wake sunali pa ntchito chifukwa cha nkhawa ya ngongoleyo. Bokosi losungiramo zida silimasula bawuti. Likhale lolimba ndi lokhala ndi loko, basi, chifukwa zida zimasowa, zina zimaiwalika m'magalimoto a makasitomala, zina zimabwerekedwa osabwezedwa, ndipo galanti siibweza chida chotayika.

Choncho ine ndinganene kuti mugule bokosi lapakatikati la kampani yodziwika, imene imagulitsanso soketi imodziimodzi kuti yotayika muzitha kuibwezeretsa. Mugwire nalo ntchito miyezi ingapo. Chida chimene chidzayambe kutha kapena kukuvutitsani ndicho chidzakuuzeni kuti mumachigwiritsa ntchito kwambiri, ndipo m'malo mwake mudzagule chapamwamba. Mwanjira imeneyi ntchito yanu ndiyo imasankha kopita ndalama zanu. Pa mapulayazi pokha ndimavomereza kuti munthu agule abwino kuyambira pachiyambi, chifukwa mano a pulayazi yotchipa amabuntha msanga ndipo polumikizira pake pamayamba kugwedera. A Knipex, kampani ya ku Wuppertal m'dziko la Germany imene yakhala ikupanga mapulayazi kuyambira mu 1882, ndawaona akugwira ntchito zaka zambiri m'manja mwa anthu osasamala n'komwe.

Mmisiri_wa_Injini anayankha kuti:

Ndawerenga mayankho onse awiri ndipo ndikuona kuti akugwirizana kuposa mmene akuonekera. Ine ndikufuna kuwonjezera gulu la zida limene lamulo la mayi athuwa, loti mudikire chida chithe kaye, siliyenera kugwiritsidwa ntchito, chifukwa zida zimenezi zikalephera simuona msanga, kapena mumaona mutavulala kale.

Choyamba ndi torque wrench, sipanala yoyezera mphamvu yomangira. Sipanala wamba ikatha mumaiona ndi maso, koma torque wrench yonama imalira bwinobwino ngati kuti zonse zili m'malo, pamene bawuti mwaimanga mopitirira kapena moperewera. Pa mabawuti a silinda hedi, pa ma bearing a mkati mwa injini ndi pa mapulagi olowa mu hedi ya aluminiyamu, kulakwitsa kumeneku kumabweretsa gasiketi yotulutsa madzi, mazinga odyeka kapena bawuti yothyokera mkati. Manati a matayala nawonso ali ndi muyeso wake wolembedwa m'buku la galimoto iliyonse, ndipo kuwamanga mopitirira kumatanula zitsulo zimene amamangidwapo. Muyezo wa ISO 6789, umene umayang'anira zida zimenezi, umalimbikitsa kuti ziziyesedwanso pakatha miyezi 12 kapena zikagwiritsidwa ntchito maulendo 5,000, malinga ndi chimene chayamba kukwana. Choncho mukamagula, funsani ngati ili ndi chikalata chosonyeza kuti inayesedwa komanso ngati ingathe kuyesedwanso ndi kukonzedwa. Mukamaliza ntchito muziibwezera pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i yamkati isatope, ndipo musamaigwiritse ntchito pomasula mabawuti olimba. Ntchito imeneyo ndi ya chogwirira chachitali chopanda mano, chimene n'chotchipa ndipo chimateteza ratchet yanu yomwe.

Chachiwiri ndi masoketi a mfuti yomasulira manati, kaya ya mpweya kapena ya batire. Soketi yonyezimira ija anaipangira mphamvu ya dzanja, ndipo ndi yolimba mouma, moti ikamamenyedwa mobwerezabwereza ndi mfutiyo imatha kung'aluka n'kuthothoka tizidutswa takuthwa. Masoketi a mfuti amakhala akuda, okhuthala, ndipo kawirikawiri amapangidwa ndi chitsulo cha chrome molybdenum chimene amachisiya chofewerapo kuti chizipirira kumenyedwa. Pamenepa simufunika dzina lodula, mufunika mtundu woyenera, ndipo kusunga ndalama pogwiritsa ntchito soketi yolakwika n'kuika maso anu pachiswe.

Chachitatu chikukhudza inu amene mukuyamba ntchito panopa kuposa ife akale. Magalimoto a hybrid (oyendera mafuta ndi magetsi) ndi amagetsi ali ndi mabatire a mavolti mazanamazana, okwanira kupha munthu. Zida zogwirira ntchito pamenepo zimakhala zokutidwa mwapadera motsatira muyezo wa IEC 60900, zimaloledwa kufika mavolti 1,000, ndipo chilichonse chimayesedwa pa mavolti 10,000 chisanatuluke m'fakitale. Pulasitiki yofiira pa chogwirira si umboni wa chilichonse. Pafunika chizindikiro cha muyezowo chodindidwa pa chidacho, kuchokera kwa wogulitsa wodalirika, ndiponso maphunziro oyenera musanakhudze waya uliwonse wa mtundu wa lalanje, umene umanyamula magetsi amphamvuwo. Ngati simunafike pa ntchito imeneyo, musagule zidazi panopa, koma tsiku lodzagula musadzayang'ane zotchipa.

Wophunzira_Umakaniko analembanso kuti:

Zikomo kwambiri bambo, mayi ndi achimwene chifukwa cha nthawi yanu. Tsopano ndamvetsa kuti ndisaganize za bokosi lonse ngati chinthu chimodzi. Ndaganiza zotenga masoketi apakatikati monga mmene mayi anenera, koma masipanala, pulayazi ndi torque wrench ndigule zabwino ngakhale zitanditengera miyezi ingapo. Ndatsala ndi mafunso awiri. Munthu wina amene akusiya ntchito akufuna kundigulitsa masipanala ake akale a Gedore ndi sipanala imodzi ya shifting (yosinthika kukula kwa kukamwa) ya Bahco. Kodi zida zogwiritsidwa kale ntchito n'zodalirika, ndipo ndingadziwe bwanji kuti si zachinyengo? Funso lachiwiri ndi la masikurudiraiva. Ndikamamasula tizisikuluwu ta pa kabuleta ya njinga zamoto za ku Japan, mitu yake imadyeka kawirikawiri ngakhale ndikugwiritsa ntchito sikurudiraiva ya aphunzitsi anga imene ndi yodula. Kodi vuto ndi dzanja langa kapena chida?

MakanikoWakale anayankhanso kuti:

Ndiyambe ndi funso lachiwiri, chifukwa likuonetsa chinthu chimene mtengo sungakonze. Tizisikuluwu ta mtanda sitili ta mtundu umodzi. Pali Phillips, pali Pozidriv imene mutu wake umakhala ndi timizere tina tinayi tating'ono pakati pa mtandawo, ndipo pali ta muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS, timene timapezeka kwambiri pa njinga zamoto zakale za kumeneko ndipo nthawi zambiri timakhala ndi kadontho kamodzi pamutu. Sikurudiraiva ya Phillips siikhazikika mokwanira mu sikuluwu ya JIS, choncho mukapotokola mwamphamvu imakwera n'kutuluka, ikudya mutuwo. Dzanja lanu lilibe mlandu, ndipo chida cha aphunzitsi anu si choipa, kungoti si chake. Pezani sikurudiraiva yogwirizana ndi JIS, monga zimene imapanga kampani ya Vessel ya ku Japan, ndipo mudzaona kusintha tsiku lomwelo. N'chimodzimodzinso ndi sipanala ya theka la inchi, imene ndi mamilimita 12.7, ndi ya mamilimita 13. Zimaoneka zofanana, koma ya 13 pa bawuti ya theka la inchi imagwedera mokwanira kudya makona, kaya ndi ya kampani yanji.

Za zida zakale, ine ndimazikonda, ndipo zina mwa zimene ndimagwiritsa ntchito mpaka lero ndinagula kwa amene anandiphunzitsa. Sipanala ilibe zamkati zoti n'kubisa matenda, choncho ikhoza kuyesedwa pamaso pa wogulitsa. Tengani mabawuti atsopano a misinkhu yosiyanasiyana mupite nawo. Lowetsani sipanala iliyonse pa bawuti yake ndipo muigwedeze. Ikagwedera kwambiri, kukamwa kunatanuka. Yang'anani mbali yozungulira ya sipanalayo ngati mano ake amkati akadali akuthwa, yang'anani ming'alu pafupi ndi khosi, ndipo muigoneke pa tebulo lafulati kuti muone ngati inapindika. Dzimbiri lapamwamba lisakuopseni chifukwa limachoka, koma chida chimene chasintha mtundu n'kukhala chabuluu kapena chakuda pamalo amodzi chinatenthedwa ndi moto, kulimba kwake kunatha, ndipo chisiyeni. Zizindikiro za hamala pa chogwirira zikuuzaninso mmene mwini wake ankachigwiritsira ntchito.

Gedore ndi kampani ya ku Remscheid imene inayamba mu 1919, ndipo masipanala ake akale ndi olimba kwambiri. Pa zenizeni, zilembo ndi manambala zimakhala zooneka bwino, zakuya mofanana, ndipo m'mphepete mwa chida mumakhala mosalala. Zachinyengo zimadziwika ndi zilembo zosakhazikika, utoto wonyezimira umene ukusupuka ngati khungu, ndi kukamwa kosafanana mbali ziwiri. Ngati mungathe, bwerekani sipanala imodzi yeniyeni ya kampani yomweyo muziike pamodzi, chifukwa dzanja limazindikira kusiyana kwa kulemera ndi kusalala msanga kuposa diso. Chinyengo chimachuluka pa zida zatsopano zogulitsidwa motchipa modabwitsa kusiyana ndi pa zida za makaniko amene wagwira nazo ntchito zaka zambiri, popeza zachinyengo sizikanafika msinkhu umenewo zili zamoyo.

Shifting ya Bahco itengeni ngati nsagwada yake yoyenda siikugwedera. Kapangidwe kameneka kanachokera kwa Johan Petter Johansson wa ku Sweden cha m'ma 1890, ndipo kampaniyo imaidziwa bwino ntchito yake. Koma muzikumbukira kuti shifting, ngakhale yabwino chotani, imagwira mbali ziwiri zokha za nati, choncho ntchito yake ndi kugwiriziza kapena kuthandiza pamene mulibe saizi yoyenera, osati kumasula mabawuti olimba a injini. Chokhacho chimene sindingakulangizeni kugula chakale ndi torque wrench, pokhapokha ngati mwagwirizana ndi wogulitsayo kuti muyambe mwakaiyesetsa musanalipire. Masipanala akewo kawaoneni ndi mabawuti m'thumba, ndipo mudzatiuze zimene mwapeza.